Kate Sheppard ndi voti ya amayi ku New Zealand: mafunso ndi mayankho

Mpaka chaka cha 1893, panalibe dziko lodzilamulira ngakhale limodzi pansi pano limene linkalola amayi ake onse kusankha aphungu a ku Nyumba ya Malamulo. Dziko loyamba kutero linali New Zealand, zilumba za kum'mwera chakum'mawa kwa Australia, ndipo amene anayendetsa ntchitoyo anali Mayi Kate Sheppard. Pansipa tayankha mafunso amene munthu angafunse akangomva dzina lawo koyamba.

Kodi Kate Sheppard anali ndani?

Anali mayi wapabanja wa mumzinda wa Christchurch, wolimbikira mapemphero, amene anatsogolera nkhondo yomenyera ufulu wa amayi wovota kuyambira mu 1887 mpaka pamene lamulo linasainidwa pa 19 Sepitembala 1893. Sanakhalepo phungu, analibe mpando m'boma, ndipo sanalowepo m'ndende chifukwa cha ntchitoyi. Zida zawo zinali cholembera ndi pepala: makalata opita kwa aphungu, timapepala togawa kwa anthu, nkhani za m'nyuzipepala, ndiponso mayina a amayi anzawo masauzande ambirimbiri amene anasonkhanitsidwa khomo ndi khomo.

Anabadwira komweko ku New Zealand?

Ayi. Anabadwira ku Liverpool, ku England, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1840, ndipo makolo awo anali a ku Scotland. Dzina lawo lakumtundu linali Malcolm. Bambo awo atamwalira mu 1862, mtsikanayu anakakhala kwa m'bale wa makolo ake amene anali mbusa wa mpingo wa Free Church of Scotland m'tauni ya Nairn. Owerenga a ku Malawi dzina la mpingowu silachilendo kwa iwo: ndi womwewu umene unatumiza amishoni a Livingstonia, amene anafika ku Cape Maclear mu 1875 ali ndi Robert Laws. Chikhristu chokonda maphunziro ndi mwambo chimene chinamanga Khondowe ndi chomwenso chinalera Kate ali mtsikana.

Mu 1869 iye, mayi ake ndi abale ake anatsika sitima yapamadzi padoko la Lyttelton n'kukakhazikika ku Christchurch, kumene mchemwali wake wina anali atatsogola kale. Mu 1871 anakwatiwa ndi Walter Allen Sheppard, bambo wochita malonda, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Douglas, anabadwa mu 1880. Zaka zimenezi Mayi Sheppard ankadziwika kwambiri ndi ntchito za mpingo wa Trinity Congregational: kuyendera odwala, kuphunzitsa achinyamata Baibulo, kusonkhetsa ndalama zothandizira osowa.

Nanga mayi wa kutchalitchi anayamba bwanji ndale?

Anayambira pa nkhani ya mowa. Amene sanamvetse zimenezi sangamvetse china chilichonse pa mbiri yawo.

New Zealand ya nthawi imeneyo inali dziko la amuna obwera kudzakumba golide, kudula mitengo ndi kuweta nkhosa, ndipo mowa unkamwedwa mowirikiza. Bambo akathera malipiro ku bala n'kubwera usiku kudzamenya mkazi ndi ana, mayiyo analibe kolowera kwenikweni. Ndalama zinali m'manja mwa mwamuna, kuthetsa banja kunali kovuta kwambiri kwa mkazi kusiyana ndi mwamuna, ndipo malamulo onsewo ankapangidwa ndi amuna okhaokha, osankhidwa ndi amuna anzawo.

Mu 1885 kunafika mayi wina wa ku America, Mary Clement Leavitt, wotumidwa ndi bungwe la amayi achikhristu olimbana ndi uchidakwa lotchedwa Woman's Christian Temperance Union, mwachidule WCTU. Anayenda m'matauni kulankhula ndi amayi, ndipo nthambi za bungweli zinabadwa m'dziko lonselo. Mayi Sheppard analowa nthawi yomweyo. Kuti mumvetse mphamvu ya bungwe lotereli, ganizirani amayi a Mvano kapena a Chigwirizano: amakumana kawirikawiri, amadziwana, ali ndi mlembi ndi msungichuma, ndipo uthenga ukachoka kulikulu umafika mpaka kumpingo wakumudzi.

Amayiwa anayamba ndi kupempha Nyumba ya Malamulo kuti iletse kugulitsa mowa kwa ana komanso kulemba atsikana ntchito yoperekera mowa m'mabala. Aphungu analandira mapempho awo n'kungowaika pambali. Apa m'pamene Mayi Sheppard anaona poyera chimene chinkavuta: phungu amatchera khutu kwa munthu amene angamuchotse pampando. Wopanda voti angalire chotani, phungu sataya kanthu pomunyalanyaza. Mu 1887 bungweli linawasankha kukhala mkulu woona nkhani za voti ndi malamulo m'dziko lonse.

Pali ena amene amapeputsa amayiwa ngati anthu ongodana ndi botolo. Kumeneko n'kuwalakwira. Ankakamba za ana ogona ndi njala ndi za amayi otupa nkhope, zinthu zimene ankaziona ndi maso poyendera mabanja. Ndipo Mayi Sheppard sanakhalire pa mowa pokha. Posakhalitsa anayamba kunena kuti voti ndi ufulu wa mayi ngati munthu, kaya mowa ulipo kaya kulibe.

Ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku inali yotani?

Kulemba, kulembanso, ndi kulondoloza. Mu 1888 anatulutsa kapepala kokhala ndi zifukwa 10 zimene amayi a ku New Zealand ayenera kuvotera, ndipo kanatumizidwa kwa phungu aliyense. Mfundo yake yaikulu inali yosavuta kumva: munthu wamkulu aliyense amene amamvera lamulo ayenera kukhala ndi mawu pa kapangidwe ka lamulolo. Lamulo la zisankho linkaika amayi m'gulu limodzi ndi ana, odwala misala ndi akaidi, ndipo iwo anafunsa kuti ndani anatsimikiza kuti nzeru za mayi n'zofanana ndi za mwana. Funsoli linkaluma chifukwa pofika nthawiyo amayi ena anali atatenga kale madigiri. Kate Edger analandira yake mu 1877. Mwamuna wachizungu aliyense wa zaka 21 anali ndi voti kuyambira mu 1879, wophunzira ndi wosaphunzira yemwe.

Kuyambira mu 1891 ankalemba tsamba la amayi m'nyuzipepala ya olimbana ndi mowa yotchedwa The Prohibitionist. Ankalemberana makalata ndi nthambi zonse, kuziuza phungu woti zimuyendere ndi funso loti zimufunse pamsonkhano. Ankadziwanso kuti popeza mayi sangalankhule m'Nyumba ya Malamulo, pafunika amuna a m'katimo ogwira nawo ntchito. Wamkulu mwa iwo anali Sir John Hall, amene anakhalapo nduna yaikulu ya dzikolo; winanso anali Alfred Saunders. A Hall ndiwo ankawatsina khutu za nthawi yabwino yobweretsera pempho ndi za aphungu amene akugwedezeka.

Anthu amatchula kwambiri chikalata cha 1893. Chinali chotani?

Otsutsa ankakonda kunena kuti amayi enieni safuna voti, ofuna ndi kagulu kochepa ka amayi olongolola. Yankho la Mayi Sheppard linali kusonkhanitsa mayina. Mu 1891 amayi oposa 9,000 anasaina. Mu 1892 anafika cha m'ma 20,000. Mu 1893 anatsala pang'ono kukwana 32,000, kutanthauza pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi anayi alionse achizungu akuluakulu m'dzikolo.

Tangoganizirani mmene mayinawo ankapezekera. Nyumba zambiri zinalibe lamya, ndipo kunalibe galimoto. Mayi ankatenga pepala losindikizidwa mawu a pempho pamwamba, n'kuyenda wapansi kapena pangolo, kugogoda pakhomo lililonse, kulowa m'mafakitale osokera zovala, kudikirira anthu potuluka m'tchalitchi. Wosaina ankalemba dzina ndi kumene amakhala. Pepala likadzaza linkatumizidwa pa positi ku Christchurch. Kumeneko, patebulo lodyera m'nyumba yawo ya pa Clyde Road, Mayi Sheppard ndi owathandiza ankamata mapepalawo ndi guluu, mutu wa ili kumchira wa linzake, n'kumakulunga pa mtengo wa tsache. Mapepala oposa 500 analumikizidwa motero, ndipo mkulungo waukuluwo, wa mayina oposa 25,000, unatalika mamita 270. Mayina otsalawo anabwera m'zikalata zina zing'onozing'ono.

A Hall anaulowetsa m'Nyumba ya Malamulo ku Wellington pa wilibala, n'kuutambasula pakati pa mipando ya aphungu mpaka unakagunda khoma. Phungu amene ankati amayi alibe nazo ntchito anaona yekha zolemba za amayi a m'dera lake zili pansi patsogolo pake.

Ankagwira okha ntchito yonseyi?

Mutu umodzi susenza denga, ndipo mbiri ikangotchula munthu mmodzi imabera ena. Ku Dunedin kunali Harriet Morison wa bungwe la amayi osoka zovala, amene anabweretsa mayina a atsikana a m'mafakitale, komanso Helen Nicol ndi Marion Hatton. Kumeneko mu 1892 kunabadwa Women's Franchise League, bungwe lolandira mayi aliyense wofuna voti ngakhale amene sankagwirizana ndi zoletsa mowa. Linathandiza kwambiri kuchulukitsa mayina. Ku Auckland kunali Amey Daldy ndi Annie Schnackenberg. Ndipo onsewa asanayambe, Mary Ann Müller anali atalemba kale za voti ya amayi mu 1869, koma modzibisa dzina chifukwa mwamuna wake sankagwirizana nazo. Luso la Mayi Sheppard linali kulunzanitsa anthu osiyanasiyanawa kuti akoke chingwe chimodzi kwa zaka zisanu ndi chimodzi popanda kumwazikana.

Otsutsa ankati chiyani, ndipo anali ndani?

Ena ankatsutsa ndi mtima wonse, poona kuti malo a mayi ndi pakhomo, kuti ndale n'zauve ndipo zimuwononga, kuti mabanja adzapasuka mkazi akavotera chipani chosiyana ndi cha mwamuna wake. Koma ndalama zambiri zotsutsira zinkachokera kwa ofulula ndi ogulitsa mowa, amene ankaopa kuti amayi akangovota mabala atsekedwa.

Wodziwika kwambiri anali phungu wa ku Dunedin, Henry Fish. Iye anakonza zikalata zake zotsutsa, ndipo ankalipira anthu osonkhanitsa mayina. Zinadzaululika kuti mayina ena anali abodza ndipo anthu ena anasainitsidwa mopusitsidwa. Amayi olipira msonkho wa malo ankavota kale pa zisankho za makhonsolo, ndiye pamene a Fish anaima nawo pa mpando wa meya wa Dunedin mu 1892, anagwa. Chaka chotsatira, amayi onse atavota, anatayanso mpando wa uphungu.

Ngati mayina anali ochuluka chonchi, n'chifukwa chiyani zinatenga zaka?

Nyumba ya Malamulo ya kumeneko inali ndi zipinda ziwiri: cha aphungu osankhidwa ndi anthu, ndi chachiwiri, Legislative Council, cha akuluakulu ochita kuikidwa. Bilu inkadutsa m'choyamba n'kukafera m'chachiwiri. Adani ake ankadziwanso kuipha mochenjera. Mu 1891 phungu wina wotsutsa anaonjezera mfundo yoti amayi aziimanso pa uphungu, osati chifukwa ankaifuna, koma podziwa kuti akuluakulu a chipinda chachiwiri adzakana bilu yonse, ndipo anaikanadi. Mu 1892 anakangana pa mfundo yoti amayi azivota kudzera pa positi, bilu n'kufa kachiwiri.

Mu Epulo 1893 nduna yaikulu John Ballance, amene ankagwirizana ndi voti ya amayi, anamwalira. M'malo mwake munalowa Richard Seddon, amene kale anali ndi malo ogulitsira mowa ndipo ankagwirizana ndi eni malonda amenewa. Poyera sankafuna kuoneka wodana ndi amayi, choncho analola bilu idutse m'chipinda choyamba, akudalira kuti chachiwiri chiikana monga mwa kale. Atawerenga mavoti anaona kuti pakufunika limodzi lokha kuti bilu igwe, ndiye anakakamiza mmodzi wa a chipani chake, Thomas Kelly, kuti asinthe maganizo. Nkhaniyi itamveka, akuluakulu awiri amene ankatsutsa biluyo, William Reynolds ndi Edward Stevens, anapsa mtima ndi kachitidwe kameneka n'kuvotera mbali ya amayi. Pa 8 Sepitembala 1893 bilu inadutsa ndi mavoti 20 kwa 18.

Adani sanagonje pomwepo. Anapempha bwanamkubwa Lord Glasgow kuti asasaine. Amayi anayankha ndi matelegalamu ochuluka, ndipo aphungu amene anali kumbali yawo anapatsidwa duwa loyera la camellia loti abaye pajekete. Pa 19 Sepitembala bwanamkubwa anasaina.

Wina angati ndiye kuti amayi anangochita mwayi, poti mavoti awiri omalizawo anabwera chifukwa cha mkwiyo wa andale. Mwayi unalipodi. Koma mavoti 18 enawo, ndi mantha a Seddon oti asaoneke akukana poyera, zinachokera ku ntchito ya zaka zonse zija.

Lamulo litadutsa, amayi anapitadi kukavota?

Anapita mwaunyinji. Chisankho chinali pa 28 Novembala 1893, patangopita masabata 10 okha lamulo litasainidwa, ndipo Mayi Sheppard ndi anzawo anatembenukira ku kalembera nthawi yomweyo. Amayi 109,461 analembetsa, ndipo 90,290 anavota. Ndiye kuti mwa amayi 100 alionse olembetsa, 82 anafika pamalo oponyera voti, pamene mwa amuna anafika 70. Otsutsa ankati amayi adzazunzidwa ndi zidakwa pamzere, koma tsikulo linadutsa mwabata. Mawa lake, Elizabeth Yates anasankhidwa kukhala meya wa Onehunga, mayi woyamba pa udindowu m'mayiko onse olamulidwa ndi Britain.

Zimene ogulitsa mowa ankaopa sizinachitike: mowa sunaletsedwepo m'dziko lonse la New Zealand. Boma la Seddon linapambana chisankhocho, ndipo iye anakhala pampando mpaka imfa yake mu 1906.

Nanga amayi achimaori, eni nthaka, anawerengedwa?

Inde, ndipo apa New Zealand inachita bwino kuposa mayiko ambiri. Lamulo la 1893 linakhudza amayi achimaori pamodzi ndi achizungu, ndipo iwo anavota pa 20 Disembala m'madera anayi a aphungu achimaori amene analipo kuyambira mu 1867. Yerekezani ndi South Africa, kumene amayi achizungu okha ndiwo anapatsidwa voti mu 1930, amayi akuda n'kudikira mpaka 1994.

Amayi achimaori analinso ndi nkhondo yawoyawo. Mu Meyi 1893, Meri Te Tai Mangakāhia analankhula pamaso pa nyumba ya malamulo ya Amaori, Te Kotahitanga, kupempha kuti amayi azivota komanso kusankhidwa. Mfundo yake inali ya malo: amayi ambiri achimaori anali ndi minda yawoyawo, ndipo malo a mtundu wawo ankapita m'manja mwa atsamunda iwo alibe mawu. Tisabise kuti mipando inayi inali yochepa kwambiri poyerekeza ndi kuchuluka kwa Amaori, ndipo voti sinabweze malo amene analandidwa.

Ndi zoona kuti New Zealand ndiyo inali yoyamba penipeni?

Pa mayiko odzilamulira, opereka voti kwa amayi onse akuluakulu pa chisankho cha aphungu, inde. Madera ang'onoang'ono ena anatsogola: chilumba cha Pitcairn mu 1838, chigawo cha Wyoming ku America mu 1869, ndi Isle of Man mu 1881 kwa amayi okhala ndi katundu. Pambuyo pa New Zealand panabwera South Australia mu 1894, Finland mu 1906, ndi United States mu 1920. Ku Britain, kumene gulu la Emmeline Pankhurst linafika poswa mawindo, kumangidwa ndi kunyanyala chakudya m'ndende, amayi ena a zaka 30 kupita m'tsogolo anavota mu 1918, ndipo kufanana ndi amuna kunadza mu 1928.

Atapambana anapuma?

Sanapume, chifukwa kwa iwo voti inali khomo lolowera ku zina. Mu 1894 anapita ku England kumene omenyera voti ankafunitsitsa kumva mmene anachitira. Atabwerera anakhala mkonzi wa The White Ribbon, nyuzipepala ya WCTU imene inayamba mu 1895, yoyendetsedwa ndi amayi okhaokha. Mu 1896 anakhala pulezidenti woyamba wa National Council of Women of New Zealand.

Zimene ankapempha pamenepa n'zimene ambiri sazidziwa, koma mwina ndiye zolemera koposa. Ankafuna kuti mayi wapabanja akhale ndi gawo lake, lotetezedwa ndi lamulo, pa ndalama zimene mwamuna wake amapeza, popeza kulera ana ndi kusamala nyumba ndi ntchito ndithu. Ankafuna malipiro ofanana pa ntchito yofanana, ufulu wofanana pa ana, ndi zifukwa zofanana zothetsera banja; chomalizachi chinatheka mu 1898. Ankalimbikitsa amayi kutaya zovala zothina m'chiuno zimene zinkawalepheretsa kupuma bwino, ndipo iwo eni ankapalasa njinga m'misewu ya Christchurch nthawi imene mayi wa panjinga ankasekedwa. Chikhulupiriro chawo chinali chakuti chilichonse cholekanitsa anthu, kaya mtundu, chuma, chipembedzo kapena kukhala mwamuna kapena mkazi, n'chosayenera umunthu ndipo chiyenera kugonjetsedwa.

Moyo wawo wa pakhomo unatha bwanji?

Unali ndi zisoni zambiri. Thanzi lawo linafooka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, moti anasiya kulankhula pamisonkhano kawirikawiri ngakhale sanasiye kulemba. Mwana wawo Douglas anamwalira mu 1910, ndipo amuna awo anamwalira ku England mu 1915. Mu 1925, ali okalamba, anakwatiwa ndi William Lovell-Smith, wosindikiza mabuku amene anagwira nawo ntchito ya voti kuyambira kale. Mayi Sheppard anamwalira ku Christchurch pa 13 Julayi 1934 ndipo anaikidwa kumanda a Addington.

Anamuona mayi akulowa m'Nyumba ya Malamulo?

Anamuona, koma mochedwa zedi. Lamulo la 1893 linapatsa amayi ufulu wosankha, osati wosankhidwa. Umenewu unabwera mu 1919. Ndipo phungu woyamba wamkazi, Elizabeth McCombs, anapambana ku Lyttelton mu 1933, patatha zaka 40, Mayi Sheppard atatsala ndi miyezi yowerengeka. Mayi woyamba wachimaori, Iriaka Rātana, analowa mu 1949. Nduna yaikulu yoyamba yaikazi, Jenny Shipley, inabwera mu 1997, kenako Helen Clark mu 1999 ndi Jacinda Ardern mu 2017. Kuchedwa kumeneku kukusonyeza kuti kulola mayi kuponya voti n'kosavuta kusiyana ndi kumulola kukhala pampando, ndipo aliyense amene anaona mmene amayi amavutikira pa zisankho za chipulula m'zipani zathu akudziwa kuti nkhaniyi sinathe.

Masiku ano amakumbukiridwa bwanji, ndipo chikalata chija chikadalipo?

Nkhope yawo ili pa ndalama yapepala ya madola 10 a ku New Zealand, pamodzi ndi duwa la camellia, monga mmene nkhope ya Rose Chibambo ilili pa K200 ya ku Malawi. Ku Christchurch, m'mphepete mwa mtsinje wa Avon, kuli chipilala chimene chinatsegulidwa mu 1993, choonetsa Mayi Sheppard ndi amayi ena asanu, kuphatikizapo Meri Te Tai Mangakāhia ndi Harriet Morison. Nyumba ya pa Clyde Road inagulidwa ndi boma mu 2019 ndipo anthu amaloledwa kukaiona.

Mkulungo wa mayina uja ukadalipo. Bungwe la UNESCO linauika m'kaundula wa zolembedwa zofunika pa dziko lonse mu 1997, ndipo kuyambira mu 2017 umaonetsedwa ku National Library ku Wellington, m'chipinda chimodzi ndi pangano la Waitangi la 1840, la pakati pa mafumu achimaori ndi Britain. Mayina ake analembedwanso pa intaneti, moti munthu wa kumeneko akhoza kufufuza ngati agogo a agogo ake anasaina, n'kuona msewu kapena mudzi umene ankakhala.